Kupita ndi ana aang'ono ku ukwati wa mnzanu ku Dedza kapena ku Ntcheu

Khadi la ukwati limabwera ndi mayina awiri, lanu ndi la akunyumba kwanu. Za ana silinena kanthu. Koma ana muli nawo, ndipo wowasiyira palibe: mtsikana wantchito wapita kwawo, alamu anu ali ndi awo anayi, wamng'onoyo akuyamwabe. Ife zinatipeza chaka chatha mu July, pamene mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi ku sekondale ankamanga woyera kwawo, chakumtunda kwa Lizulu. Tinanyamuka ku Lilongwe ndi ana atatu, wazaka 7, wazaka 4, ndi khanda la miyezi 9. Zina tinazikonza, zina ndizo zinatikonza.

Pulogalamu ya ukwati siidziwa kuti mwana ali ndi njala kapena tulo. Inuyo muyenera kukhala ndi pulogalamu yachiwiri, ya ana, yoyenda pambali pa ya akwati, ndipo ziwirizi zikawombana ipambane ndi ya ana.

Choyamba, imbani foni

Musavutitse mkwatibwi. Mutu wake uli pa diresi, keke ndi ngongole ya holo. Pezani nambala ya mchemwali wake kapena wina wa mu komiti. Mufunseni ngati ana akuloledwa. Maukwati ena a mu holo pa boma amawerengera mipando, khadi limodzi anthu awiri basi, ndipo kuli bwino kumva zimenezi pa foni kusiyana ndi kukazimvera pakhomo mwana ali kumsana. Ukwati wa kumudzi suwerenga anthu, koma funsanibe. Funsani nthawi ya ku tchalitchi, malo a madyerero, ndi kumene alendo ochokera kutali akagone. Kenako funsani mtunda wochokera pa tala.

Funso limeneli lili ndi kafunsidwe kake. Mukati "ndi kutali?", yankho la kumudzi ndi limodzi: "Ayi, ndi pompa." Pompa pa munthu wozolowera kupita kuchigayo wapansi si pompa pa mwana wazaka 4 wovala nsapato zatsopano. Inu muziti, "Pa kabaza amalipiritsa zingati kuchokera pa siteji?" Mtengowo ndi umene ukuuzeni zoona.

Funsaninso kuti ndi Dedza yake iti, Ntcheu yake iti. Ambiri akamva Dedza amangoganiza za chisanu, ndipo pa boma, ku Bembeke, pa Lizulu ndi ku Tsangano n'zoonadi. Koma Golomoti, Mtakataka ndi Mua nakonso ndi ku Dedza, ndipo kumeneko n'kuchigwa, kotentha, kwa udzudzu. Ku Ntcheu nakonso, chigwa cha Bwanje ndi dziko lina poyerekeza ndi kumapiri. Zimene mulongedze zidalira yankho limeneli.

Nyamukani Lachisanu

Apa sindinyengerera. Maukwati ambiri amakhala Loweruka, ku tchalitchi 8 kapena 9 koloko m'mawa. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, kufika ku Ntcheu pafupifupi 160, ndipo wochokera ku Blantyre amayenda pafupifupi 150 kuti afike ku Ntcheu. Pakamwa mtundawu ndi wochepa, moti munthu umadzinamiza kuti tidzadzuka 4 koloko, tikafika nthawi yabwino. Pa msewu wa M1 nkhani ndi ina. Minibasi siinyamuka isanadzaze. Ikanyamuka iima pa Nathenje, iima pa Kamphata, iima pa Chimbiya, kutsitsa, kukweza, kudikira wina amene wathamangira nyama yootcha. Pali marodibuloko. Pali toll gate ya Kalinyeke kwa ochokera ku Lilongwe, ya Chingeni kwa ochokera kummwera. Onjezani kudzutsa ana atatu kuli mdima ndi kuwasambitsa magetsi atazima. Mufika anthu akutuluka mu tchalitchi, ana akulira, inu ndi bambo awo simukulankhulana.

Nyamukani Lachisanu m'mawa kuti mufike dzuwa likadali m'mwamba. Mwana wa kusukulu mukamupemphere chilolezo kwa aphunzitsi Lachinayi. Ngati muli pa galimoto yanu, thirani mafuta opita ndi obwerera musanatuluke m'tauni. Ngati kwa eni ukwati kwadzaza, pa boma la Dedza ndi la Ntcheu pali maresitihausi ndi maloji, koma sungitsani chipinda pa foni, chifukwa Loweruka limodzi limanyamula maukwati angapo. Funsani ngati muli neti ndi mabulangete okwanira.

Longedzani zikwama ziwiri

Chachikulu chimapita kubuti, simuchionanso mpaka mutafika. Mmenemo mulowe zovala za ku ukwati zositasita, zokulungidwa mu chitenje, nsapato, bulangete la khanda ndi neti. Mwana asavale za ku ukwati m'njira. Ngakhale pa tsiku lenilenilo, muvekeni pomaliza penipeni, atamwa kale phala.

Chaching'ono chikhale pamiyendo panu. Muikemo matewera kapena mapampasi oposa amene mukuganiza kuti akwanira, zitenje zitatu, china choberekera, china choyala pansi, china cha ngozi, majumbo opanda kanthu, kansalu konyowa, sopo, botolo la madzi owiritsa a kunyumba, zosinthira mwana aliyense kamodzi, ndi bulauzi yanu ina. Bulauziyo musaiiwale. Khanda likafuna kusanza silisankha poti.

Za chisanu ndichedwepo pang'ono. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July kumagwa nkhungu ndi mphepo yolowa m'mafupa. Lizulu sasiyana kwenikweni. Ine ndinatengera ana timajuzi topyapyala timene amavala ku Area 25, poganiza kuti juzi ndi juzi. Pofika 6 koloko madzulo wamkulu mano anali akugundana, ndipo agogo a pakhomopo anavula jekete lawo n'kumuveka, manja ake akulendewera mpaka m'maondo. Anagona nalo, anadzuka nalo. Tengani juzi yochindikala, chipewa chophimba makutu, masokosi awiriawiri, ndi kathalauza koti mtsikana avale mkati mwa diresi. Mafuta odzola nawonso, chifukwa mphepo ya kumeneko imang'amba milomo ndi masaya. Ukwati ukakhala mu October, kapena kuchigwa, tembenuzani: chipewa cha dzuwa, madzi ambiri, neti.

M'kathumba kapadera muikemo kabuku ka kusikelo ka mwana aliyense, panado wa ana ndi kasipuni kake koyezera, ndi mapaketi a Thanzi ORS. Aspirin si wa ana. Mwana amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku muwerengereni masiku a ulendo n'kuonjezapo awiri. Chipatala chachikulu chilipo pa boma la Dedza ndi pa boma la Ntcheu, koma mukangofika funsani eni mudzi chipatala chaching'ono chapafupi ndi mwini galimoto kapena njinga yamoto amene angadzutsidwe usiku.

Ndalama zigaweni patatu

Ya thiransipoti yobwerera muibise, musaikhudze ngakhale DJ aike nyimbo yotani. Ina ndi ya kamba ndi zadzidzidzi. Yachitatu ndi ya perekaniperekani, ndipo imeneyi isintheni kukhala ma K100, ma K200 ndi ma K500 mukadali m'tauni. Pa holo makashiya amasintha, inde, koma pamakhala mzere, ndipo simungaime pamzere wina ali kumsana wina akukukokani chitenje.

Musadalire kuti mukatapa ku Airtel Money kapena ku Mpamba mukafika. Loweruka masana ma agent ambiri a m'masiteji ndalama zimakhala zawathera. Chinanso, pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu umayenda m'malire enieni, moti pa Lizulu mbali ina ya msewu ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique. Foni imatha kudumphira pa netiweki ya kutsidya osakuuzani, inu n'kumadabwa kuti bwanji sikuimba. Lowani mu settings, musankhe nokha TNM kapena Airtel. Nambala ya amene akukuchingamirani ilembeninso papepala.

M'njira

Mlipirireni mpando mwana wamkulu. Kondakitala anena kuti, "Ameneyo mungomunyamula, mayi," koma miyendo ndi yanu, ndipo pali kale khanda ndi chikwama. Pewani mzere wa pakhomo, pamene mumatsika ndi kukweranso siteji iliyonse. Basi yaikulu ikapezeka, ndiyo yabwino kwa ana. Pa galimoto yanu, ana akhale kumbuyo atamangidwa malamba, osati pamiyendo pa wa kutsogolo.

Mwana wosanza m'galimoto musamudyetse chipisi cha pachiwaya, mazira kapena zozizira zotsekemera musananyamuke. Mupatseni nthochi, buledi kapena mbatata yophika, pang'onopang'ono. Akhale pazenera, aziyang'ana kutsogolo, jumbo ili m'manja. Ngati njira yanu ikutsikira ku Golomoti kudzera pa Khwekhwelere, konzani majumbo awiri, chifukwa makona a pamenepo amasanzitsa ndi akulu omwe. Onse apite kuchimbudzi asanakwere, ngakhale akane kuti sakumva kanthu.

Pa Lizulu maso amakopeka. Kachewere, kabichi, anyezi, tomato, zonse zili mbwee m'mbali mwa msewu, ndipo mtima umati nditsike. Musatsike ndi ana. Pamenepo pamadutsa mathiraki, anthu ali piringupiringu, ndipo katunduyo mukamusunga kuti masiku awiri? Mudzagula pobwerera.

Mtunda womaliza nthawi zambiri ndi wa kabaza. Njinga imodzi inyamule wamkulu mmodzi ndi mwana mmodzi, mwanayo akhale pakati, miyendo yake italikire ekizozi, chifukwa imawotcha zoopsa. Muuzeni woyendetsa asananyamuke kuti, "Achimwene, tili ndi mwana, sitikuthamangira kulikonse." Ngati eni ukwati angatumize galimoto kudzakutengani pa siteji, pemphani osachita manyazi.

Mukafika pamudzi

Musafike manja lendelende. Shuga, mchere, sopo ndi buledi n'zokwanira. Ana auzeni muli m'njira kuti tikafika tigwada, tipereka moni ndi manja awiri, ndipo aliyense wamkulu ndi agogo, amayi kapena abambo. Kumeneku anthu amaitanana ndi mfunda, mumva "Wawa aNgozo", "Zikomo naJere", "Mwaswera bwanji naPhiri", ndipo inunso akufunsani wanu. Muuzeniretu mwana mfunda wake. Agogo akafunsa kuti "Nanga uyu ndi nandani?" mwana n'kuyankha yekha, mwapeza malo pamudzipo.

Madzulo a Lachisanu pamudzi wa ukwati ndi pokoma, komanso ndi pomwe pali ngozi yaikulu pa ulendo wonse. Kuseri kwa nyumba amayi akoleza moto pamafuwa asanu kapena asanu ndi limodzi, pali mapoto aakulu a madzi otentha, mafuta a mandasi akuwira, mipeni ili pansi pomwe akusendera kachewere. Kukuzizira, ndiye ana onse a m'mudzi akhamukira kumotoko, ndi wanu yemwe. Ine ndinangotembenuka kupereka moni kwa azakhali a mkwatibwi, pocheuka wazaka 4 uja waima kumbuyo kwa mayi amene akuphula poto wa madzi owira, mayiyo sakumuona. Anamukoka ndi mtsikana wina amene mpaka lero sindimudziwa dzina. Pemphani kuti ana awakolezere kamoto kawo kutali ndi kophikira, pakhale wamkulu mmodzi. Ndipo inu mayi, mukapita kukathandiza kuphika monga mwa ulemu wake, nenani ndi pakamwa kuti, "Bambo ake, ana ndakusiyirani inu." Musangoganiza kuti akuwaona.

Thobwa lilaweni kaye inu musanapatse mwana. La tsiku lomwelo ndi lotsekemera, koma likagonera masiku limayamba kusasa, ndipo pamudzi pamene pafululidwanso mowa wa masese zikho zimafanana. Madzi akumwa a ana akhale owiritsa kapena othira WaterGuard. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwe basi, ngakhale agogo anene kuti kathobwa pang'ono sikalakwa. Kanani mwaulemu, muziti a kusikelo analetsa.

Usiku kumakhala mchezo, zoimbira zili pakhomo mpaka mbandakucha. Pemphani kuti inu ndi ana mukagone nyumba ya kumapeto. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Ku tchalitchi

Ana adye asanavale. Khalani kumbuyo, kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo, kuti khanda likayamba muzingotuluka osapondaponda anthu. Mwambo umatha maola awiri, pena kuposa. Wamng'ono mutengereni kanthu kosasokosa koti azigwira.

Akwati akatuluka amapita kukajambulitsa, ndipo madyerero amene analembedwa kuti 1 koloko amayamba cha m'ma 2 kapena kupitirira. Mpata umenewu ndi wanu, musauwononge potsatira mdipiti wa magalimoto. Pezani mthunzi kapena bwererani kumene munagona, ana adye nsima yeniyeni, khanda musinthe thewera, onse agoneko ngakhale mphindi 40. Chakudya cha ku madyerero chimabwera mochedwa, nthawi zina anthu atayamba kale kubalalika, ndipo mwana amene akudikira mpunga wa ku ukwati kuyambira m'mawa salola kuti muvine.

Pa perekaniperekani

Apa ndi pamene ana amasowa. Musanalowe, gawanani ana ndi mayina: uyu ndi wanu, awa ndi anga. Mawu akuti "tonse tiziwaona" ndi amene amataya mwana, chifukwa aliyense amayesa kuti ali ndi mnzake. Mmodzi akanyamuka kukafupa, winayo atsale pampando. Lembani dzina lanu ndi nambala ya foni pa kapepala, muike m'thumba la mwana aliyense woyenda yekha. Aphunzitseninso dzina lanu lenileni. Mu holo ya anthu 300 amayi aliyense ndi "amami".

Khalani kutali ndi masipika. Phokoso limene inu likukugwedezani pachifuwa, khanda likulipweteka m'makutu. Chipewa chija chiphimbe makutu, ndipo likayamba kulira losatonthozeka tulukani nalo panja.

Lankhulani ndi wa komiti uja m'mawa kuti gulu lanu, kaya ndi anzake a mkwatibwi a ku sekondale kaya a kuntchito, a MC aliitane koyambirira. Akapanda kutero mudikira akuchimuna, akuchikazi, ankhoswe, a kwaya, a bankimkhonde, ogula keke, ndipo dzina lanu lidzamveka ana atatheratu. Akakuitanani, tengani ana akuluwo, aliyense ndi tindalama take m'manja, mukavine nawo. Amakondwa kwambiri kuponya okha m'lichero. Koma auzeniretu kuti ndalama ya pansi si yotola.

Ife tinaiwala kunena zimenezo. Nyimbo ili pakati, ine ndikuvina ndi anzanga amene sitinaonane zaka 10, bambo awo akujambula pa foni, wachiwiri uja anazimiririka. Tinayang'ana pansi pa mipando, kuchimbudzi, kumagalimoto. Miyendo yanga inatha mphamvu. Kenako nyimbo inadulidwa, a MC n'kunena kuti, "Pali bwana wina pano wovala juzi yofiira, akuti mayi ake dzina lawo ndi amami, ndipo watithandiza kutolera ndalama." Anali pansi pa tebulo la makashiya, ma K50 ali tho m'manja monse, akukana kupereka. Holo yonse inafa ndi phwete. Ine ndinaseka nawo, koma manja ananjenjemera mpaka madzulo.

Mukalandira chakudya, chinunkhizeni ndi kuchilawa kaye. Mpunga ndi nkhuku zimene zinaphikidwa mbandakucha n'kutsekeredwa m'timabokosi tsiku lonse zimatha kusasa, makamaka nyengo yotentha. Saladi ya kabichi yaiwisi ana aang'ono isiyeni. Asambe m'manja ndi sopo wanu uja, madzi othirirana, osati a m'beseni limene asambamo anthu 20.

Tsanzikani dzuwa lisanapendeke

Gwirizanani nthawi yonyamuka musanalowe mu holo, ndipo ikakwana nyamukani ngakhale keke asanadule. Mu June ndi July dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5. Ngati mukubwerera tsiku lomwelo, 4 koloko ikupezeni muli pa siteji. Kukada minibasi zimachepa, mtengo umakwera, ena oyendetsa kabaza amakhala alawako za ku ukwati komweko, ndipo M1 usiku ndi wa mathiraki, njinga zopanda magetsi ndi nkhungu ya ku Dedza. Mukaona kuti 4 koloko yadutsa, gonani, mudzanyamuke Lamulungu m'mawa. N'chifukwa chake mapampasi ndi mankhwala tinawerengera masiku oonjezera.

Mkwatibwi simungamupeze woti mucheze naye, ali pa mpando wa patsogolo ndipo aliyense akumufuna. Mugwireni dzanja, aone kuti munabwera ndi ana, zokamba mudzakamba pa foni. Amene muyenera kuwatsanzika bwinobwino, mutakhala pansi, ndi amayi ake ndi eni nyumba imene munagona. Ana akagwade, athokoze.

Pobwerera ndiye gulani kachewere uja, wamkulu mmodzi atsike, wina atsale ndi ana. Mukafika kunyumba muziwayang'anitsitsa masabata awiri otsatira. Malungo saonekera tsiku lomwelo, amatenga sabata kapena kuposerapo chilumidwire ndi udzudzu, ndiye mwana akatentha thupi musangoti ndi kutopa kwa ulendo. Pitani naye akamuyeze magazi, ndipo muwauze a chipatala kumene munali. Akayamba kutsegula m'mimba, Thanzi uja ayambe pomwepo muli m'njira ya kuchipatala.

Ife tinafika ku Lilongwe Lamulungu masana. Pomasula katundu tinapeza jekete la agogo lija lili pansi pa chikwama chachikulu, wamkulu analilongedza yekha poyesa kuti anamupatsiratu. Tinalichapa, tinakulungiramo paketi ya shuga, n'kulipatsira mlongo wake wa mkwatibwi amene ankapita kumudzi Loweruka lotsatira.